Nkhope Yomatidwa ndi Guluu

Adokotala a maso sanazungulire ayi. Anati diso lakumanzere la amayi linafa kale, lakumanja latsala ndi kabowo ngati ka singano, ndipo kabowoko kakunka kakucheperachepera. Miyezi itatu, ikachuluka inayi. Mankhwala odonthezera aja angochedwetsa, chimene chapita chapita. Nditafunsa za opaleshoni anangopukusa mutu, n'kuitana wodwala wina ife tisanadzuke n'komwe pampando.

M'basi pobwerera, wolira ndinali ine. Amayi anangopendeketsa mutu kuti kabowo kaja kalunjike pawindo, akuwerenga zikwangwani za masitolo chimodzichimodzi. Titayandikira potsikira ndi pamene anandigwira bondo.

"Iwe, ndisanalowe mumdima ndikufuna ndione nkhope ya bambo anga."

Ndinaseka, Mulungu andikhululukire. Ndinayesa nthabwala. Munthu ameneyo kwathu sitimutchula dzina. Anakwera lole ya kampani ya migodi chaka cha njala, amayi ali m'mimba mwa mayi awo miyezi isanu ndi umodzi, ndipo kupita kwake kunali komweko. Kalata ayi, bulangete ayi, ngakhale moni wotumiza pakamwa pa munthu ayi. Agogo aakazi anadikira zaka zitatu, akuchapira anthu zovala kuti mwana adye. Chaka chachinayi anatulutsa jekete lake, lamba wake ndi chithunzi chimodzi chokha chimene chinalipo, n'kutentha zonse pabwalo anthu akuona. Kuyambira tsiku limenelo dzina lake linali Mtchona, munthu wopita kuntchito n'kuiwala kwawo. Mwana akachedwa kogula mchere, agogo ankati ndi magazi a Mtchona. Mlongo wanga atathawa mkazi wake woyamba, magazi a Mtchona. Ngakhale tambala akagona kwa aneba ankatukwanidwa ndi dzina lomwelo.

"Amayi, patha zaka 78. Ndikamupeza kuti? Komanso munthu anakutayani musanabadwe, mukumufuniranji?"

"Sindinati ndikufuna kumukhululukira. Ndati ndikufuna kumuona. Aliyense ali ndi nkhope ya bambo wake m'mutu, ngakhale mwana wa mbava. Ine ndikatseka maso pamabwera jekete lija likupsa, lopanda mutu."

Ine ndine telala. Ndili ndi makina awiri pakhonde la sitolo ya zitsulo, ndimadziwa kutembenuza kolala ndi kubisa chigamba mpaka mwini malaya kuiwala pamene panang'ambika. Za kufufuza akufa ndikanazidziwira kuti? Ndinayamba ndi msuweni wa amayi, nkhalamba ya zaka 90 imene yatsala yokha mwa anthu amene anamuonapo. Ndinawagulira shuga, ndinakhala nawo tsiku lonse. M'mawa anati Mtchona anali wamtali kufika pachitseko. Atadya masana anati anali wamfupi, wojintcha. Madzulo anayamba kundifotokozera za munthu wina amene ankaweta abulu. Chimene ndinatolapo ndi dzina la bambo wake wa Mtchonayo, ndi kuti lole ija inanyamuka m'nyengo yozizira, anthu atayamba kudya mbewu yosungira kubzala.

Amene anandionetsa njira ndi aphunzitsi ena opuma ntchito, kasitomala wanga wa mathalauza. Ndikuwayeza m'chiuno ndinawadandaulira, iwo anati, "Safunsa anadya phula, Mayi Telala. Kampani ija inkalemba khadi la munthu aliyense, ndi chithunzi chomwe. Ofesi yawo itatsekedwa, makadiwo anawatutira ku nyumba yosungira mapepala akale, kuseri kwa khoti. Ngati chiswe sichinamalize, pitani mukayese."

Nyumbayo ndinaipeza, koma kulowa kwake! Tsiku loyamba anati ndibwere ndi kalata. Lachiwiri anati kalatayo ilibe chidindo. Lachitatu wodinda anapita kumaliro. Mlungu wathunthu unatha choncho, ine ndikuwerengera masiku a diso la amayi pazala. Lolemba lotsatira ndi pamene ananditsitsira kuchipinda cha pansi, kwa bambo wina woonda, wa juzi yobooka pachigongono, amene onse ankangowatchula kuti a Makiyi chifukwa cha mulu wa makiyi wolendewera palamba. M'chipindamo munkanunkha nkhungu ndi mikodzo ya makoswe. Babu limodzi, tebulo limodzi, makatoni kuyambira pansi mpaka kudenga.

"Chikwama musiye pakhomo. Cholembera cha inki ayi. Maola awiri patsiku, ikakwana 12 ndimatseka," anatero a Makiyi. "Buku la mayina linadyedwa ndi chiswe ine ndisanalembedwe ntchito. Makadi anawasanja potsata nambala, osati dzina. Chaka mukunenacho chili m'makatoni awa, khumi ndi awiri. Kuona maso a nkhono n'kudekha, mayi."

"Nkhono ili ndi nthawi, bambo. Ine ndilibe."

Ananditsitsira katoni yoyamba.

Khadi lililonse linali ndi dzina, dzina la bambo, msinkhu, kulemera, chidindo cha chala chachikulu, ndi kachithunzi pakona, kochepa ngati bokosi la machesi. Anyamata okhaokha, abale. Makosi oonda, maso olowa ndi njala. A Makiyi akatopa kukhala chete ankandifotokozera. Nthawi imeneyo, azungu akulamula, mwamuna aliyense ankakhoma msonkho, kaya mvula yagwa kaya ayi, ndipo wolephera ankamangidwa. Ndiye lole ikafika anthu ankaithamangira okha. Ku ofesi ankawavula malaya, kuwakweza pasikelo ya matumba, dokotala n'kuwagogoda pachifuwa. Wopepuka ankabwezedwa, choncho ena ankamwa madzi mpaka mimba kuti ndi, asanakwere pasikelopo. Opambana ankawakhazika asanuasanu pabenchi, kuwajambula kamodzi, kalaliki n'kudula chithunzicho ndi sizasi, aliyense nkhope yake, n'kumata pakhadi. N'chifukwa chake m'mphepete mwa kachithunzi kalikonse munkaoneka phewa la munthu wina.

Tsiku lachisanu ndi chinayi, m'katoni yachisanu ndi chiwiri, ndinaona dzina. Ndinaliwerenga katatu, ndinawerenga la bambo wake. Ndinakhala pansi penipeni, pasimenti.

Chizungu changa ndi cha pa tepi yoyezera basi, ndiye a Makiyi anavala magalasi n'kumandimasulira, chala chikuyenda pamzere. Zaka 24. Ntchito, kukankha ngolo za miyala pansi pa mgodi. Mwezi wachitatu, wapempha kubwerera kwawo, akuti mkazi watsala pang'ono kuchira. Wakanizidwa, mgwirizano sunathe. Mwezi wachisanu, wapemphanso, wakanizidwanso. Wagwidwa pasiteshoni ya sitima akufuna kuthawa, masiku khumi m'chitokosi. Mwezi wachisanu ndi chiwiri, chibayo, chipatala cha kampani, masiku anayi. Wamwalira. Manda nambala 212. Pansi penipeni panali mzere wakuti abale adziwitsidwa pa tsiku lakuti, ndipo kutsogolo kwake kunali mbee, osalembapo kanthu.

Mayo ine! Zaka 78 tikutukwana munthu amene anamangidwa chifukwa chofuna kubwera kwathu. Agogo anatentha jekete la mwamuna amene anali atagona m'manda zaka pafupifupi zitatu. Anakana amuna onse odzawafunsira, anakalamba ndi chidani chimenecho, anafa nacho, n'kutisiyira ife. Ndinafuna wina woti ndimugwire pakhosi, koma ndani? Kalaliki amene anaiwala kulemba kalata anafa. Kampani inatha. Mgodiwo a Makiyi anati unadzaza madzi kalekale, ndipo anamva kuti pamene panali manda pano amaimikapo malole. Ndinangotukwana makatoni.

Koma chithunzi chinalipo. Mnyamata wa maso akuluakulu, kampata pamano, akumwetulira ngati wina pabenchipo anamunong'oneza zoseketsa. Ndinajambula khadi lonse pafoni, ndinathamangira ku situdiyo, anandikulitsira nkhopeyo n'kuiika m'felemu ya galasi.

Amayi ndinawakhazika pawindo. Ndinayamba ndi za pakhadi. Nditafika pasiteshoni ya sitima anagwira pakamwa. Nditafika pamanda anangoti, "Mayi anga, mayi anga, mukanadziwa." Kenaka ndinawapatsa felemu ndi galasi lokulitsira zilembo limene aphunzitsi anandibwereka. Diso lawo silinkatha kutenga nkhope yonse nthawi imodzi, ndiye ankayenda nayo pang'onopang'ono, chipumi, diso, diso linalo, mphuno, pakamwa, n'kubwereranso pachipumi.

"Ndi awa?"

"Ndi amenewo, amayi."

"Iii, koma anali mwana. Taona kuseka kwake. Kampata aka si ka mlongo wako aka?" Anapukuta galasi ndi nsonga ya mpango. "Bambo, ndine mwana wanu uja munkafuna kudzamuona. Ndakalamba, pepani. Takutukwanani kwambiri, pepani."

Nyumba inadzaza. Mlongo wanga anabwera ndi chimimba chake, anaima pafupi ndi felemu n'kumafunsa aliyense ngati akuona kufanana. Onse anaona. Mlamu wanga anaona mpaka zikope za mdzukulu wake. Amayi analengeza kuti wotchulanso mawu oti Mtchona m'nyumba mwawo adzatulukira pawindo. M'mawa uliwonse dzuwa likalowa ankakhala ndi bambo awo ola lathunthu, osafuna tiyi, osafuna wailesi. Ankati akuloweza, kuti mdima ukadzafika adzakhale atasunga kale. Ine ndinabwerera kumakina anga ndikuyenda monyang'wa, ndinkadziona ngati munthu amene wachitapo kanthu pa dziko lino.

Anandisokoneza ndi maso a utelala omwewa. Tsiku lina makasitomala kulibe, ndinatsegula chithunzi cha khadi pafoni n'kuchikulitsa ndi zala. Kuzungulira kachithunzi kaja panali banga lofiirira la guluu wakale, ndipo bangalo linali lalikulu kuposa chithunzi, lopendekeka, kona imodzi yodulidwa mopingasa. Pamene chithunzicho chinali chowongoka bwinobwino. Chigamba chikachepa pabowo ine ndimaona ndili kutsidya kwa msewu. Pamalo pamenepo panakhalapo chinthu china kale.

Aphunzitsi atabwera kudzatenga thalauza ndinawapatsa foni. "Tandiwerengereni mzere uwu, pansi pa kulemera. Bambo a makiyi aja anaudumpha."

Anayandikitsa foni kumaso. "Zizindikiro za pathupi. Khutu lakumanzere loduka theka, kumtunda."

Ndinayang'ana mnyamata wosekayo. Makutu awiri athunthu, otambalala ngati zogwirira poto.

Ndinasiya nsalu pamakina, singano ili momwemo. Masitepe a chipinda cha pansi ndinawatsika ndi chikwama changa chomwe, wondiletsa aone. Foni ndinawaikira a Makiyi pamphuno.

"Khutu lili kuti? Bambo inu, khutu loduka lili kuti? Linamera kumanda?"

Anavula magalasi, anawapukuta, anawavalanso. Kenaka anapita kukatseka chitseko.

"Khalani pansi, mayi. Zaka khumi ndi ziwiri zapitazo paipi ya pamwambapa inaphulika Lachisanu titaweruka. Tinadzaona Lolemba, madzi ali m'mawondo. Makadi tinawayanika pabwalo, anauma, tinawabwezera m'makatoni. Koma guluu wakale uja atanyowa, zithunzi zinamatuka zonse. Tinasesa nkhope ndowa ziwiri. Posakhalitsa kunamveka kuti kukubwera alendo akunja kudzaona mmene timasungira mbiri. Abwana anati makadi opanda nkhope ndi manyazi. Anatipatsa guluu, anthu anayi, masiku asanu."

"Ndiye mumadziwa bwanji kuti uyu ndi wa apa, uyu ndi wa apo?"

"Kumbuyo kwa zithunzi kunalibe nambala, mayi. Tinkangomata. Kutola, kupaka, kumata. Alendo anayamikira kwambiri."

Ndinawatukwana. Sindibisa, bambo wa msinkhu wa malume anga ndinamunena mawu amene sindingabwereze pano. Ndinati mayi anga akupepesa kwa mlendo, akuthera diso lawo lomaliza pa munthu amene sitikumudziwa n'komwe, inu munaona mzere uja n'kuudumpha dala. Iwo anangoima, manja ali kumbuyo, akuyang'ana nsapato zawo.

"Ndinaudumpha, eya. Munali pasimenti apo mukulira. Pa zaka zonsezi ndinu wachitatu kubwera kudzafuna munthu m'makatoniwa. Awiri aja anapita kwawo akusangalala, sanabwerenso. Ndimati nanunso mupite choncho."

"Nanga agogo anga ali kuti?"

Analoza makatoni ndi chibwano. "Ali momwemu, pakhadi la wina. Ananyowa si a chaka chimodzi chokha ayi. Alipo 6,000 ndi kanthu."

Ndinaimbira mlongo wanga ndili panja pa nyumbayo, ndinamufotokozera zonse. Iye anati, "Iwe, ine ndauza anthu onse kuntchito kuti ndinatengera agogo ndendende. Ndapachika chithunzi pabalaza. Ukufuna ndikanene chiyani?"

"Achimwene, ndikunena za amayi, inu mukunena za pabalaza panu?"

"Amayi akusangalala. Madzi akatayika saoleka. Tseka pakamwa pakopo, kamodzi kokha chibadwire."

Ndinadula foni. Amayi sindinawauze, koma osati chifukwa cha iyeyo. Ndinati ndipeze kaye weniweniyo, kuti pamene ndikuwalanda bodza ndi dzanja ili, ndiwapatse choona ndi dzanja linalo, diso likadaona. Pa miyezi ya adokotala ija unali utatsala umodzi ndi theka, ndipo ndinkadzilimbitsa mtima kuti madokotala amachepetsa dala. Kunyumba ndinanama kuti ndikufufuza za manda.

Ndinafunditsa makina onse awiri. Madiresi a ukwati wa eni ndinabweza osasoka, mayi wa mkwatibwi anandilalatira pamsewu anthu akumva, ndinangomuyang'ana. Ndinatenga pepala lopyapyala lodulira patani, ndinaliika pa banga la guluu lija pakhadi la agogo, n'kudula chimodzimodzi, kupendekeka kwake ndi kona yake yopingasa. Ndinati chithunzi chimene chinachoka apa chiyenera kukwana pa patani iyi, kalaliki wa sizasi uja sakanakhotetsa dzanja mofanana kawiri. A Makiyi, kaya ndi manyazi kaya n'chiyani, anasiya zotseka 12. Ankadya buledi wawo pomwepo, katoni ili pamiyendo, akusaka nane khutu. Masiku atatu oyamba sindinawalankhule. Lachinayi ndinawalanda juzi ija n'kukaisoka pachigongono, chifukwa inkandinyansa m'maso.

Mukudziwa kuvuta kwake kupeza khutu limodzi pakati pa makutu 12,000? Ena anatembenuka pang'ono pojambulidwa, khutu osaoneka. Ena madzi anawadya theka la mutu. Ena kalaliki yemweyo anawadula khutu ndi sizasi yake. Aliyense wokayikitsa ndinkamuyeza ndi patani yanga, osakwana, n'kubweza. Pofika madzulo nkhope zonse zinkasanduka imodzi, ndikatsinzina m'basi ndinkaona makosi oonda ali pamzere. Chimene chinkandiwawa n'chakuti palibe ndi mmodzi yemwe amene anali pakhadi lake. Wa ndevu anali pakhadi la mwana wa zaka 17. Wa diso limodzi anali pakhadi lolembedwa kuti maso onse ali bwino. Ndinafunsa a Makiyi ngati abwana awo akudziwa kuti zinthu zili chonchi, anati abwana aja anakwezedwa kalekale, ndipo atsopanowa sanatsikepo masitepe amenewa.

Kunyumba zinthu zinkathamanga kuposa ine. Mlungu wachiwiri amayi anathira tiyi pambali pa kapu. Wachitatu anagunda chitseko, chipumi chinatupa. Wachinayi anati galasi la aphunzitsi lachita nkhungu, ndilitsuke. Ndinalitsuka lili loyera kale. Tsiku limenelo ndinatsala pang'ono kuwauza, ndinafika mpaka pa "Amayi, chithunzi chija," iwo anati, "Lero ndangoona pakamwa pokha, koma pakamwapo ndi pamene ndimapakonda," ndipo ine ndinameza mawu. Ndinabwerera kwa adokotala ndekha kukapempha mankhwala amphamvu, anati amphamvu ndi omwewo. Ndinapemphera, ndinasala kudya, ndinalonjeza Mulungu zinthu zimene sindingakwanitse. Loweruka la mlungu wachisanu ndi chimodzi, dzuwa lili paliwombo, amayi anandiitana ali pawindo paja.

"Iwe, bwanji lero sukutsegula makatani?"

Makatani anali otsegula. Ndinalowa kubafa, ndinatsegula mpopi kuti asandimve.

Lolemba ndinapitabe kumakatoni. Musandifunse chifukwa, miyendo inangozolowera. Ndipo Lachinayi la mlungu womwewo, titatsala ndi makatoni awiri okha, a Makiyi anati, "Mayi," ndi mawu ang'ono. Chinali pakhadi la munthu wina wa dera lakutali, amene analembedwa kuti anabwerera kwawo wamoyo. Kachithunzi kopendekeka, kona imodzi yopingasa. Ndinaika patani pamwamba pake, inakwana ndendende. Koma patani sinafunikenso. Khutu loduka linalipo, ndipo pambali pa khutulo panali nkhope ya amayi anga. Chipumi chawo, mlomo wa m'munsi wogwera kumanzere, kayang'anidwe kaja amayang'ana akamva kuti mwana wadwala. Ameneyu sankaseka ayi. Anali ndi mantha, mnyamata wamng'ono kuposa mwana wanga wachisamba.

A Makiyi anatulutsa lezala m'thumba, analowetsa pansi pa chithunzi mosamala, n'kuchimatula. Anachikulunga m'kapepala.

"Lamulo sililola," anatero. "Tengani. Kuno akhalitsa."

Ndinafika kunyumba cha m'ma 3 masana. Amayi anali pampando wawo pawindo, felemu ili pamiyendo, ataigwira mozondoka. Njira yonse m'basi ndinali nditakonza mawu. Amayi, panachitika cholakwika. Amayi, musakhumudwe. Nditagwada pafupi nawo mawu onse anathawa. Ndinangotambasula dzanja lawo n'kuikamo kachithunzi kaja.

Anakasisita ndi chala, anakatembenuza, anakayandikitsa ku diso lakumanja mwa chizolowezi, kenaka anakanunkhiza.

"Kachiyani aka? Kakununkha nkhungu."

"Kachithunzi, amayi. Kochokera kumene ndimapita kuja."

"Ka manda aja?"

"Ayi. Ka munthu."

"Usavutikenso ndi zithunzi, mwana wanga, zanga zinatha." Anaseka pang'ono, dzanja linalo likusisita felemu. "Koma ndikuuze, unandichitira chinthu chachikulu. Mumdima muno nkhope zikuthawa. Ya mayi anga ndikaiitana imabwera mbali imodzi. Yako yomwe, usakwiye, yayamba kusungunuka. Koma bambo anga ali pomwepa, ndi kampata kawo pamano. Ndikadzuka amakhala alipo kale, akundisekerera. Ukanachedwa mwezi umodzi ndikanalowa muno ndekhandekha."

Ndinayang'ana mnyamata wamantha uja ali m'dzanja la mwana wake. Aka kanali koyamba kuti awiriwa akhudzane. Ndikanena, ndiwalanda wosekayo, ndipo m'malo mwake ndiwapatsa chiyani? Mawu? Kuti chipumi chotere, mlomo wotere? Ndinatsegula pakamwa kawiri. Ine amene ndimakangana ndi makondakitala tsiku lililonse, ine amene ndinatukwana a Makiyi mpaka malovu kuuma, lilime linakana.

"Wati ka munthu. Munthu wake ndani?"

"Wina wa kumgodi komweko," ndinatero. "Anapita chaka chomwecho cha njala. Nayenso sanabwerere."

"Iii, kalanga. Anasiya ana?"

"Mmodzi. Wamkazi."

Chala chawo chinkayendabe pakachithunzi kaja. Kenaka anafufuza dzanja langa m'malere, analipeza, anaikamo kachithunzi n'kupinda zala zanga pamwamba pake.

"Ndiye watengeranji? Mwina mwana wakeyo akumufuna ngati mmene ndinkafunira ine, akafika kumeneko akapeza palibe. Ukabweze mawa m'mawa. Ife wathu tinamupeza, usasunge bambo wa eni."

"Chabwino, amayi," ndinatero. "Ndikabweza."